Achimwene, musanamasule galuyo ku paki werengani kaye izi

Achimwene, mwafunsa za malo omasulirako galu kuno ku Joburg, malowo alipo ndipo ndikutchulirani, koma chonde musakafike n'kumasula chingwe pa geti pomwepo. Ndemanga zonse za pa funso lanulo ndaziwerenga, aliyense akungoti Emmarentia, Delta Park, Emmarentia, palibe amene akunena za eni agalu amene mukakumane nawo mmenemo. Ine ndikulemba izi mtima ukuwawa chifukwa Bruno wanga mpaka lero amatsimphina.

Bruno ndi galu wamba, wa mtundu wa akumudzi kwathu aja, wofiirira, msinkhu wake wolekeza m'bondo. Ndinamutenga ku SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, ali kamwana. Tsikulo linali la pakati pa sabata, mmawa, udzu udakali ndi mame, anthu owerengeka. Pakiyo sinditchula chifukwa siinandilakwire. Ndinali nditamumasula, akununkhiza patsinde pa mtengo, ine ndikumuona bwinobwino. Ndinangoona chigalu chakuda, chimutu chachikulu, chikubwera molunjika, osauwa ngakhale kamodzi, mchira uli njo, ubweya wapamsana utaima. Chinamugunda Bruno ndi chifuwa, kumugwetsa chagada, kumugwira pantchafu ya mwendo wakumbuyo n'kuyamba kumupukusa uku ndi uku ngati chikukutumula thumba la ufa. Abale, kulira kumene analira Bruno sindinakumvepo kwa galu aliyense. Anadzikodzera pomwepo. Ndinakuwa, ndinachigenda ndi botolo la madzi, ndinachikwapula ndi chingwe kumsana, koma ayi ndithu, nsagwada zili gwa. Maso a Bruno anali pa ine. Mapeto ake ndinalowetsa dzanja m'lamba wa m'khosi mwa chigalucho n'kupotokola ndi mphamvu zanga zonse mpaka chinabanika n'kuyasamula, ndipo potembenuka chinandiluma, mano analowa pansi pa chala chachikulu. Buluku langa linanyowa magazi, ena anga ena a Bruno. Chikopa cha pantchafu yake chinali chikulendewera, mnofu uli poyera, iye akuyesa kudzuka n'kugwa, kuyesanso n'kugwa.

Mwini wake? Mayi wina, ali chapatali, foni ili pakhutu, chingwe atachikoloweka paphewa. Anabwera akuyenda mwachifatse. Mawu ake oyamba anali akuti galu wake ndi wofatsa, sanalumepo, wanga ndi amene wamuputa. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kufunsa kuti bwana wanga ali kuti, akufuna alankhule ndi mwini galuyo. Mwini galu ndine! Atangomva Chingerezi changa basi anagamula kuti ndine gadeniboyi amene wangotumidwa. Ndipo ndikanakhala gadeniboyi, ndiye magazi angawo akanakhala madzi? Ndinapempha nambala yake, anakana. Ndinapempha khadi la katemera wa galu wake, anati ngati ndikufuna ndiitane apolisi, akudziwa bwino kuti anthu obwera ambiri amaopa polisi chifukwa cha nkhani ya mapepala. Anakweza chigalu chake m'galimoto, ulendo. Pepani sananene. Bruno sanamuyang'ane n'komwe. Mayi ameneyo ndimamukumbukira nthawi iliyonse Bruno akalephera kukwera masitepe, ndipo kunena zoona sindinamukhululukire. Amene anatithandiza ndi bambo wina wachikulire amene ankayendetsa agalu ake, anavula juzi yake tinamukulunga Bruno, n'kutinyamula pa galimoto yake mpaka kwa vetenale.

Kumeneko anamugoneka, kumusoka, kumuika kapaipi kotulutsa mafinya. Bilu yake inadya ndalama zonse zimene ndinkafuna kutumiza kumudzi mwezi umenewo, ndi zina zokongola pamwamba. Ine ndinapita kuchipatala, ndipo popeza panalibe umboni woti chigalucho chinabayidwa, ndinalandira katemera wa chiwewe, majekiseni anayi pa masiku osiyana, kuphatikiza wa kafumbata. Ukalumidwa, tsuka bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako thamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro munthu sapulumuka, ife ochokera ku Malawi timadziwa zimenezi.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti lamulo linali kumbali yanga. Kuno ku South Africa mwini galu ndi amene amalipira galu wake akavulaza munthu kapena chiweto popanda kuputidwa. Mu 2020 khoti la apilo ku Bloemfontein linagamula nkhani ya bambo wina wa maganyu a m'dimba ku Port Elizabeth amene agalu atatu anamugwira mumsewu mpaka anadulidwa mkono. Mwini agaluwo ananena kuti iye kunalibe, geti anatsegula ndi munthu wina, koma khoti linati alipire basi. Palinso Animal Matters Amendment Act ya 1993 imene imati galu wako akavulaza munthu chifukwa cha kusasamala kwako ukhoza kulipira chindapusa kapena kukhala kundende mpaka zaka ziwiri. Koma lamulo lingagwire ndani ngati munthuyo wathawa ndipo dzina lake sukulidziwa? Choncho zikakuchitikirani, foni m'manja, jambulani nambala ya galimoto, jambulani galuyo, tengani nambala ya aliyense amene waona.

Tsopano malo. Emmarentia ndi yabwino, agalu amathamanga ndi kusambira, koma si paki yonse imene amaloledwa opanda chingwe, werengani zikwangwani polowa. Delta Park ndi yaikulu zedi, kungoti muli anjinga othamanga, ndipo Loweruka 8 koloko mmawa kumadzaza anthu othamanga pagulu a parkrun, galu wokonda kuthamangitsa anthu musapite naye nthawi imeneyo. James and Ethel Gray Park kufupi ndi Melrose ilinso ndi agalu ambiri, Golden Harvest ku Randburg chimodzimodzi. Ngati muli ndi galimoto, Walkhaven ku Muldersdrift ndi ya agalu yeniyeni, mumalipira pa geti ndipo kuli madamu osambiramo. Anzathu a ku Cape Town muli ndi De Waal Park ndi Keurboom Park, koma mukafuna kukwera naye ku Table Mountain National Park pamafunika pemiti ya SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dziko lino. Mumsewu wamba galu azikhala pachingwe, malamulo a mzinda amatero.

Pitani pakati pa sabata mmawa, anthu asanachuluke, ndi nthawi yabwino kwa galu amene sanazolowere anzake. Ulendo woyamba pitani nokha opanda galu, mukhale pabenchi muone eni ake. Mukaona munthu maso ali pafoni galu wake ali kutali, sunthani, pitani mbali ina. Galu wanu ngati sabwera mukamuitana kamodzi, asamasulidwe, muphunzitseni kaye pakhomo ndi tizidutswa ta nyama m'thumba. Koma musamusungenso pachingwe chachifupi pakati pa agalu omasuka, amaona kuti wapanikizika ndipo ndewu zambiri zimayambira pomwepo, bola mumasule kapena mutuluke naye. Ndewu ikabuka musalowetse dzanja kukhosi kapena kukamwa, mugwire miyendo yakumbuyo ya amene waluma, muikweze m'mwamba n'kumakokera chammbuyo, wina agwire winayo. Ngakhale ndikutero, Bruno atagwidwanso lero dzanja lomweli ndingalowetsenso.

Kamwana ka galu kosamaliza makatemera, kosakwana masabata 16, kasapondeko, nthenda ya agalu yotchedwa parvo imakhala m'dothi nthawi yaitali ndipo imapha tiana. Katemera wa chiwewe ndi lamulo kuno, woyamba pa miyezi itatu, wobwereza chaka chisanathe, kenako zaka zitatu zilizonse, ndipo khadi lake mulijambule likhale mufoni. Galu wamkazi amene ali pa nyengo yofuna amuna asiyeni kunyumba. Mukabwerako mufufuzeni nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala, zimabweretsa biliary, nthenda yowononga magazi a galu, mukaona nkhama zayera ndipo sakudya thamangani naye kwa vetenale. Tengani madzi, ndi mapulasitiki otolera chimbudzi chake, tisamapatse anthu chonena.

Ndiye musaope, pitani naye, galu wongokhala kuseri kwa nyumba amalusa. Ine Bruno sindimumasulanso pagulu, koma wanuyo mwina ndi wolimba mtima. Tandiuzeni, ndi wamkulu bwanji, ndi wofulidwa kapena ayi, ndipo mukukhala mbali iti ya Joburg, ndikuuzeni paki imene ili pafupi nanu.