Njerwa zakula, makoma ada: vuto si V-Ray

Achimwene a ku Ntcheu, mwafunsa kuti bwanji nyumba yomwe mwajambula mu SketchUp (pulogalamu yojambulira nyumba mu 3D) mukaipanga render (chithunzi chomaliza chooneka ngati chenicheni) mu pulogalamu ya V-Ray njerwa zikutuluka zazikulu ngati mabuloko a simenti, pomwe makoma ena akungoda bii. Ine ndimajambula mapulani kuno ku Dedza, ndipo zomwezi zinandisowetsapo tulo.

Za makoma akudawo n'zosavuta. SketchUp imasunga kachithunzi ka texture (chithunzi chomwe mumakuta nacho khoma, monga cha njerwa) mkati mwa fayilo, koma V-Ray imakafuna chithunzi chenichenicho pamalo pomwe munachitenga. Ngati chinali pa flash kapena mu Downloads ndiye munachisuntha, sichipezekanso, ndiye khoma limatuluka lakuda. Tsekulani File Path Editor ya V-Ray, muona zomwe zasowa, muzilozerenso. Kuyambira lero, ntchito iliyonse izikhala ndi foda yake, zithunzi zonse momwemo.

Nkhani yaikulu ndi ya njerwa. Kompyuta sidziwa kuti chithunzi mwaikacho ndi cha khoma lalikulu bwanji, mumayenera kuiuza ndinu. Werengani njerwa zomwe zili pachithunzipo. Tinene kuti zilipo 4 chopingasa, mizere 12 chokwera. Njerwa ya 230mm, kuphatikiza 10mm ya matope, ndi 240mm. Kuchulukitsa ka 4 ndi 960mm. Msinkhu wa 75mm ndi matope ndi 85mm. Mizere 12 ikukwana 1020mm. Manambala awiriwa mukawalembe mu Materials ya SketchUp, pa Edit, pomwe pali m'lifupi ndi msinkhu wa texture. Kenako yang'anani pambali pa chitseko: ngati ndi cha 2.1m, payenera kukwana mizere pafupifupi 25. Ikapezeka 10, pali pomwe mwaphonya. Komabe zikombole za kwathu kuno sizifanana, choncho tengani tepi mukayeze njerwa yomwe mwini nyumbayo waumbitsa.

Chinanso, musamapake material (mtundu kapena texture) pamwamba pa group yonse (zidutswa zomwe mwazimanga pamodzi). Lowani mkati mupake pa face (nkhope ya khoma kapena denga) penipenipo, chifukwa m'pamene Texture > Position imapezeka, yokuthandizani kusuntha ndi kutembenuza chithunzi. Pa denga izi n'zofunika kwambiri. Ndinaonapo render yokongola ndithu, koma mizere ya malata itagona chopingasa, madzi amvula opanda kolowera. Mmisiri aliyense akangoiona amadziwa kuti wojambulayo sanakwerepo padenga. Muonenso nyumba mwajambulayo mu Monochrome (kaonekedwe kobisa ma texture): mbali yoyera ndiyo iziyang'ana kunja, yotuwa mwa buluuyo muitembenuze ndi Reverse Faces, apo ayi magalasi a mawindo adzakuvutani.

Tsono chomwe chimandikhudza mtima ndi ichi: ambiri tikumanga nyumba za ku Lizulu ndi ku Tsangano ndi njerwa za pa intaneti, zosalala, zofanana mtundu zonse. Zathu zootcha pa uvuni sizitero. Zina n'zofiira, zina zotuwira, zomwe zinali pafupi ndi moto zimachita kuda m'mbali. Pitani pomwe akumanga, mujambule khoma ndi foni mutaima molunjika, tsiku la mitambo kuti pasakhale zithunzithunzi za dzuwa. M'miyezi ya June ndi July kuno masiku oterowo sasowa. Mukachikonza kuti m'mphepete muzilumikizana bwino, ikani pa Diffuse (pomwe V-Ray imatenga mtundu wa material), muonjezere Bump (yoonetsa kukhakhala) pang'ono chabe kuti mizere ya matope ilowe mkati. Reflection (kunyezimira) pa njerwa isachuluke, sizinyezimira. Bambo wina nditamuonetsa render yotere anangogwira sikirini ndi chala n'kunena kuti, "Izi ndiye njerwa zanga." Sitinakanganenso za mtengo.

Ngati mulibe nthawi yojambula, mawebusayiti a Poly Haven ndi ambientCG ali ndi ma texture aulere. Tengani a 2K, ochepako kukula. Pa laputopu ya memori ya 8GB a 8K, akuluakuluwo, amangoitenthetsa, magetsi n'kuthima render isanathe. Mukakonza, ikani chithunzi pano pamodzi ndi manambala omwe mwalemba pa Edit, tiwerengere limodzi mizereyo.