Funsani Makaniko: Aqua yanga ikumwa ngati ili ndi ludzu

*Amakaniko, ndinaitanitsa Toyota Aqua ya 2013 kuchokera ku Japan, inadzera ku Dar es Salaam. Ogulitsa analemba kuti imayenda makilomita 35 pa lita imodzi. Ine ndimakhala ku Area 25, ntchito ndimagwira ku Old Town, koma dashibodi imangondionetsa 17 kapena 18. Alamu anga ali ndi Aqua ngati yomweyi, amati yawo imafika 23. Makaniko wina wandiuza kuti batire latha, ndigule lina, ndipo mtengo wake si wamasewera. Kodi anandigulitsa chakufa?*
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi, chikwamacho chiyambe chakhala chotseka.

Nambala ya 35 ija sanakunamizeni, koma si yanu. Pamene Aqua inkatuluka mu Disembala 2011, a Toyota analengeza makilomita 35.4 pa lita, malinga ndi mayeso a ku Japan otchedwa JC08. Mayesowo amachitikira m'nyumba, matayala akuzungulira pa makina, kwa mphindi pafupifupi 20, AC ali wozimitsa. Liwiro lake mukaliphatikiza limangokwana makilomita 24 pa ola. Mulibe maenje, mulibe thumba la chimanga kumbuyo. Galimoto yomweyi inkagulitsidwanso ku America ndi dzina loti Prius c, ndipo kumeneko, poyesa mwa njira yawo, anaipatsa makilomita pafupifupi 21 pa lita. Ine ndimakhulupirira ya ku America. Aqua yazaka zoposa khumi ikamakupatsani 20 kapena 22 m'misewu yathuyi, ithokozeni.

Ndiye 17 wanuyo watsikadi, koma osati ndi theka monga mukuganizira.

Musanakangane ndi alamu, yesani bwino. Dashibodi imakonda kudzikometsera. Mafuta akapezeka, dzazitsani thanki mpaka pampu idule yokha, ikani Trip A (kowerengera makilomita a ulendo pa dashibodi) pa ziro, yendani monga mwa masiku onse, kenako mukadzazitsenso. Makilomita amene mwayenda muwagawe ndi malita amene alowa. Mwachitsanzo, mwayenda 476, alowa malita 28, ndiye kuti 17. Chitani kawiri kapena katatu. Alamu anunso achite chimodzimodzi, ndipo muwafunse kumene amayenda. Ngati amapita ku Salima mtima uli m'malo, pa 80, pamene inu mumayatsa galimoto m'mawa kukasiya ana kusukulu pafupi pomwepa n'kuzimitsa, si mpikisano umenewo. Aqua ndi haibulidi, imayenda ndi injini ya petulo mothandizana ndi batire, koma injini yozizira imalira kaye kuti itenthe ngakhale batire likhale lodzaza, makamaka mu Juni ndi Julayi. Paulendo waufupi imafika musanaone phindu lake.

Tsopano kumene ine ndimayambira galimoto yotereyi ikalowa pagalaja panga. Sinditsekula boneti. Ndimatsekula chitseko chakumbuyo.

Batire lalikulu la Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mpweya wa m'galimoto momwemo kudzera pa timabowo ta m'munsi mwa mpandowo, chakumanzere. Ku Japan fumbi n'lochepa. Kuno, chilimwe chimodzi cha ku Area 25 n'chokwanira. Chaka chatha bambo ena anabwera nayo Aqua atauzidwa zomwe mwauzidwa inuzi. Timabowo tija tinali titaphimbidwa ndi chikuto cha mpando chimene anasoketsa kwa telala, chokongola ndithu, chofika mpaka pansi. Nditamasula fani, mapiko ake anali atamatirira fumbi lofiira losakanikirana ndi tsitsi, ngati chisa cha mavu, pamwamba pake kanthenga ka nkhuku. Ndinatsuka ndi kamswachi, n'kudula chikutocho ndi lumo iwo akuyang'ana mwachisoni. Batire likatentha, kompyuta ya galimoto imalichepetsera ntchito kuti lisawonongeke, ndiye katundu yense amatsalira injini. Injini ikamalira osapuma, haibulidi yasanduka galimoto wamba yonyamula batire lolemera pachabe.

Zina ndi zazing'ono koma zimaunjikana. Mpweya wa m'matayala muone pa kapepala komata pa chipilala cha chitseko cha dalaivala, osati kungoti "popani basi". Ngati munachotsa matayala a 175/65R15 n'kuika otambalala kuti iziwoneka bwino, mukulipira ndi mafuta. Oyilo wake ndi 0W-20. Ambiri amathira 20W-50 wa minibasi poti ndi amene ali pafupi, ndipo injini yomwe imazima n'kulira kambirimbiri pa tsiku imavutika naye. Onaninso fyuluta ya mpweya, mapulagi, ndi mabuleki ngati sakugwira okha: mukayenda pang'ono, yandikizani dzanja pa gudumu lililonse, lotentha kuposa anzake ndiye wakuba wanu.

Petulo wathu nayenso ali ndi mbali yake. Kuyambira 1982 dziko lino limasakaniza petulo ndi ethanolo wochokera ku nzimbe, ndipo lita ya ethanolo ili ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi lita ya petulo. Kusiyana kwake n'kochepa, mwina kilomita imodzi pa lita. Za mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu sindinena zambiri, ndikudziwa kuti mzere ukatalika munthu umagwira njakata, koma musayese galimoto ndi mafuta amenewo.

Batire likhoza kukhaladi lotopa, zaka zapita. Zizindikiro zake: timizere ta batire pa dashibodi timadzaza msanga n'kutheratu msanga, pachitunda galimoto imafooka injini ikubangula, fani yakumbuyo ikumveka ngati mphepo. Koma makaniko asakuuzeni ndi pakamwa. Alumikize kompyuta, akuonetseni ndi maso anu mphamvu ya chigawo chilichonse, poti batireli lili ndi timabatire 20 tolumikizana, tonse pamodzi mavoti 144. Tina tikatsalira anzake zimaoneka. Khodi ya P0A80 ndiyo imanena zosintha batire. Popanda zimenezi, yambani ndi fani. Ndipo mawaya a batireli a mtundu wa lalanje mwana wanu wokonda kumasulamasula asawayandikire, amapha.

*Ndimayendetsa Prius ya taxi. Anzanga pa siteji amati ndiziyenda pa giya ya B kuti batire lizichajika, mafuta asamathe. Zoona?*
Dalaivala wa ku Zomba

Achimwene, anzanuwo akukudyetsani mafuta. B si batire, ndi buleki ya injini. Mukaika pamenepo, mphamvu ina imene ikanalowa m'batire imatayika pozunguza injini kuti galimoto ichepetse liwiro. Ntchito yake ndi pamtsetse wautali, monga potsika ku Ku Chawe kapena phiri la ku Chikwawa, pamene batire ladzaza kale ndipo mabuleki akhoza kupsa. Mukafika pansi, bwererani pa D.

Pa siteji podikira anthu musaisiyenso pa N, chifukwa pamenepo batire silichajika. Ikani pa P. Ndipo ngati Prius yanuyo ndi ya 1.8 yoyambira 2009, ikamanjenjemera m'mawa poiliza, kauzeni makaniko atsuke EGR, njira yobwezera utsi wina mu injini, imatsekeka ndi mwaye.