Lumo la agogo lafika, nanga lamba wake mugule wotani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Katete. Agogo ake aamuna, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya ku Copperbelt, anamusiyira lumo lopinda, lija lokhala ndi chigwiriro, lolembedwa kuti Solingen. Akufuna kuyamba kumetera ndevu. Funso lake linali lakuti: "Pa intaneti ndaona malamba achikopa osalazira lumo, amene akuwatcha strop. Ena ndi otchipa kwambiri, ena mtengo wake ungagule njinga. Kodi kusiyana kwake n'kotani? Nanga lamba wa thalauzi wa pa salaula sangagwire ntchito yomweyi?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo lumo limenelo mulisamale. Solingen ndi mzinda wa ku Germany wodziwika kuyambira kalekale ndi mipeni, masizasi ndi malumo, ndipo kampani ya Dovo, imene inayamba mu 1906, ili kumeneko. Agogo anu sanagule chinthu wamba.

Ndiyambe ndi chimene ambiri amasokoneza. Lamba sanola lumo. Kunola ndi ntchito ya mwala, umene umadya chitsulo pang'onopang'ono mpaka mbali yakuthwa itabwerera. Mbali imeneyi pa lumo ndi yopyapyala kwambiri, moti mukameta kamodzi imapindika tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, komanso imagwira dzimbiri losaoneka chifukwa cha madzi ndi sopo. Chikopa chimawongola ndi kupukuta timeneti. Ndiye ngati lumo la agogo lakhala m'sutikesi zaka makumi awiri ndipo labunthiratu, ngakhale mugule lamba wodula chotani, lidzakuzulani ndevu m'malo mozidula. Liyeseni pa ubweya wa pamkono. Likamaudula mosavuta osakanikiza, lamba akwanira. Likamangotsetsereka, liyambe lapita pa mwala. Koma chonde, musalipereke kwa onola zikwanje ndi nkhwangwa pa galayindala. Makina aja amatenthetsa chitsulo n'kuchifewetsa, ndipo lumo lotere silibwereranso. Pamafunika miyala yosalala ya m'madzi, kuyambira ya nambala 1000 mpaka 8000 kapena kuposerapo (nambala ikamakula, mwalawo umakhala wosalala kwambiri), komanso dzanja lodekha.

Tsopano za lamba. Ine ndimayang'ana zinthu zochepa chabe, ndipo dzina la kampani limabwera pomalizira.

Chachikulu n'chakuti chikhale chikopa chenicheni, chosalala, chathyathyathya. Muchiike patebulo, muone ngati m'mbali mwake simukupindikira m'mwamba ngati bwato. Lamba wopindika choncho amakhudza lumo kumapeto kokha, pakati osafika. Muyendetse chala kuchokera kumwamba mpaka kumunsi: pasakhale zipsera, makwinya, kapena malo olimba pamene panaluma nkhupakupa. Ng'ombe zathu za kuno zimayenda m'minga, zimalumidwa ndi nkhupakupa, zina zimadindidwa chizindikiro ndi moto, ndipo zonsezi zimatsala pachikopa. Wosoka nsapato sadandaula nazo, koma lumo limazimva zonse. Chikopa chofufuta ndi makungwa a mitengo, chija chooneka chofiirira mkati mwake mukachidula, ndicho chabwino pa ntchitoyi chifukwa chimakhala cholimba ndipo sichitamuka msanga. Chija chofufuta ndi mankhwala a chrome, chimene mkati mwake chimaoneka chotuwa mobiriwira, n'chofewa, choyenera jekete ndi zikwama.

Ndinaphunzira izi nditataya ndalama. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanitsa lamba wotchipa kwa wogulitsa wina wa pa intaneti. Pachithunzi anali wokongola, wonyezimira. Atafika ndinapeza kuti ndi zinyenyeswa za chikopa zomata ndi guluu, pamwamba atapaka pulasitiki. Mwezi usanathe anayamba kusupuka, ndipo lumo langa linayamba kukoka ndevu mpaka chibwano kutuluka tiziphuphu. Zinandipweteka mtima, chifukwa lumo limenelo ndinali nditalinola ndekha madzulo awiri athunthu. Chikopa chenicheni chimanunkhira chikopa, ndipo kumbuyo kwake kumakhala timaulusi tachibadwa, osati nsalu yomata.

Kenako m'lifupi mwake. Malumo ambiri mbali yake yodula imatalika pafupifupi masentimita 7 kapena 8. Lamba wa mainchesi 3, amene ndi pafupifupi masentimita 7.6, amakwana lumo lonse nthawi imodzi, ndipo kwa oyamba kumene ndiye wosavuta. Wa mainchesi 2 ndi wotchipirapo ndipo sapindika kawirikawiri, koma muyenera kuyendetsa lumo mopingasa, ngati mukulemba X, kuti mbali yonse ikhudze chikopa. Si zovuta, zimangofuna masiku. Malamba ambiri amabwera ndi mnzake wansalu yolimba, amene amachotsa chinyezi ndi litsiro lumo lisanapite pachikopa. Ameneyu ndimamukonda, makamaka m'dzinja.

Apa ndi pamene funso lanu la salaula likubwera. Lamba wa thalauzi nthawi zambiri ndi wopapatiza, ali ndi mabowo, ulusi wosokera m'mbali, maluwa odinda, komanso anapindika kale potsatira chiuno cha mwini wake woyamba. Mukapeza wachikopa chokhachokha, wotakata, wopanda ulusi, angakuthandizeni pophunzirira, koma otere ndi osowa. Njira imene ndimaona kuti ndi yanzeru kuno kwathu ndi iyi: pitani kwa osoka nsapato kapena zikwama ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market kuno ku Chipata, mufunse kachidutswa kachikopa kosalala kotalika ngati masentimita 30 mpaka 40, mukamate ndi guluu pa thabwa lopala bwino. Lamba wa pathabwa ali ndi ubwino wina umene ogulitsa satchula kawirikawiri: salendewera. Lamba wopachika pamsomali mukapanda kumukoka bwino amakhota pansi pa lumo n'kuzunguliza mbali yakuthwa, ndiye m'malo mokonza mwaononga.

Nanga odulawo, ndalama zake zimapita kuti? Odula kwambiri ndi a chikopa chotchedwa shell cordovan, chochokera kumatako kwa hatchi. Hatchi imodzi imangopereka tizidutswa tiwiri, ndipo ku Horween, kampani ya ku Chicago imene inayamba mu 1905, kufufuta kwake kumatenga pafupifupi miyezi 6. Malamba a Kanayama a ku Japan ndi a chikopa cha hatchi chimenechi, ndipo ndi odula, ena mtengo wake kufika patali ndithu. Lumo limayenda pamenepo ngati pagalasi, ndipo sindingakane kuti n'zokoma m'manja. Pakati pali a chikopa cha ng'ombe, monga a Dovo kapena a Illinois a ku America, amene ometa ndevu agwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Ena ndi a latigo, chikopa chamafuta ambiri chimene chimagwira lumo mwamphamvu poliyendetsa. Kusiyana kwa onsewa kumamveka kwambiri m'dzanja. Pachibwano, lamba wang'ombe wosalala bwino amameta mofanana ndi wahatchi.

Musaiwalenso kuti mtengo wa pafoni si mtengo wa ku Chipata. Muwonjezepo wotumizira kuchokera kunja mpaka ku Lusaka, msonkho wa kasitomu, VAT ya 16 peresenti, ndiye ya basi yobweretsa katundu pa Great East Road mpaka kuno. Dola nayo siikhala malo amodzi. Lamba wooneka wotsika mtengo angathe kufika pakhomo panu atadula kawiri.

Koma chifukwa chenicheni chimene ndikukuletserani kugula wodula panopa n'chakuti lamba wanu woyamba mudzamucheka. Aliyense amacheka. Lumo liyenera kugona chathyathyathya, msana wake kutsogolo, mbali yakuthwa ikutsatira pambuyo, ndipo pofika kumapeto mumalitembenuzira pamsana, osati pakuthwa. Dzanja lisanazolowere, tsiku lina mudzatembenuza musanaime, ndipo lumo lidzalowa m'chikopa. Kachekedwe kakang'ono mungakamate ndi guluu n'kukapala ndi sandipepa yosalala, koma kakachitika pa lamba wa madola 200 mudzagona osadya. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musathamange ngati aja ometa a m'mafilimu. Maulendo 20 pansalu ndi 40 kapena 50 pachikopa musanamete, mosakanikiza, n'zokwanira.

Nyengo yathu nayonso ili ndi zake. Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, chikopa chimauma n'kuyamba ming'alu, choncho musachipachike pawindo. Kuchipukuta ndi chikhatho tsiku lililonse kumachipatsa mafuta okwanira. Musapake saladi kapena polishi wa nsapato. Mvula ikayamba, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chimachita nkhungu chikakhala m'bafa, ndiye muchisunge m'chipinda mouma. Ngati mudzagula phala lobiriwira lija la chromium oxide lotsitsimutsira lumo, mulipake pa kachikopa kena kapadera, chifukwa likalowa m'lamba wa tsiku ndi tsiku silichokanso.

Chinanso, ndipo ichi ndikunena motsindika: lumo limeneli ndi lanu nokha, ndi lamba wake yemwe. Musabwereke, musabwereketse, ngakhale kwa m'bale wa bere limodzi, chifukwa matenda monga hepatitis B amayenda ndi kadontho ka magazi kosaoneka. Kwa amene ali ndi babashopu, choyenera ndi chigwiriro chija cholowetsa lezala yatsopano kwa kasitomala aliyense, ndipo chimenecho sichifuna lamba.

Ndiye achimwene, yesani kaye lumolo pamkono. Likakhala kuti likudula, pangani wa pathabwa sabata ino, ndipo masiku atatu oyamba muyeserere ndi mpeni wobuntha wa patebulo mpaka dzanja litadziwa kutembenukira pamsana. Pakatha miyezi itatu musanachekenso chikopa, mundilembere, tikambirane za wopachika wa mainchesi 3.