Kwa mayi amene mwafunsa mmene mlembi amagwirira ntchito tsiku ndi tsiku

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mwafunsa zinthu zitatu, zomwe ndi mmene munthu wolemba mabuku amagawira tsiku lake, ngati n'kwanzeru kumalemba pa intaneti tsiku lililonse kuti anthu akudziweni buku lisanatuluke, komanso mtundu wa laputopu yoti mugule. Nkhani ya laputopu ndiisiyira ena popeza ayankha kale ambiri, moti ena afika potsutsana za mayina a makampani ngati kuti makinawo ndiwo amalemba buku. Laputopu iliyonse yotsegula Word ndi kusunga moto kwa maola angapo ikukwanirani. Ine ndiyankha mafunso awiri oyambawo, ndipo ndiwonjezapo china chimene simunafunse koma chimene chinandigwetsa misozi.

Choyamba, musawamvere amene akuti mlembi weniweni amakhala pa tebulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Alembi ambiri ali ndi ntchito ina imene imawadyetsa, ndipo nthawi yolemba amachita kuiba. Anthony Trollope, mlembi wa ku England wa m'zaka za m'ma 1800, anagwira ntchito ku positi ofesi kwa zaka zoposa 30, komabe pa moyo wake analemba mabuku a nkhani zopeka okwana 47. Iye ankadzuka mbandakucha n'kukhala pa tebulo maola atatu asanapite kuntchito, wotchi ili patsogolo pake, akudzikakamiza kulemba mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse. Liwiro limenelo ine sindinalifikepo, ndipo sindikukulangizani kuti mulithamangire. Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu azidziikira mulingo wa mawu ndi nthawi yake yosasintha, m'malo modikira tsiku limene mtima udzafune wokha.

Ine ndimadzuka a m'nyumba asanadzuke, foni n'kuisiya m'chipinda china. Ndimayamba ndi kuwerenga tsamba limene ndinalemba dzulo lake, osati kuti ndilikonze, koma kuti kayankhulidwe ka anthu a m'nkhaniyo kabwerere m'makutu mwanga. Kenako ndimalemba mawu pafupifupi 500, ntchito imene imanditengera ola limodzi ndi theka zinthu zikayenda, kapena maola atatu mutu ukauma. Ndikafika pa mulingowo ndimaleka ngakhale nkhani ikukoma, ndipo pansi pa tsambalo ndimasiya mzere umodzi wonena chimene chichitike mawa, kuti ndisadzayambe ndi kuyang'anizana ndi tsamba loyera. Mawu 500 amaoneka ochepa, koma mukalemba masiku 5 pa sabata, m'masabata 24 mukhala ndi mawu 60,000, limene ndi buku lathunthu. Mudziwe chabe kuti kukonza zimene mwalembazo kumatenga nthawi yofanana kapena yoposa pamenepo. Nthawi yotsala ya tsiku imathera pa makalata, kuwerenga mabuku a ena ndi ntchito yopezera ndalama, ndipo palibe chochititsa chidwi chimene ndingakuuzeni pa zimenezo.

Pa funso lachiwiri ndikusiyana ndi amene akulangizani kuti muzilemba kanthu pa intaneti tsiku lililonse. Panali nthawi imene alembi ankafotokoza za moyo wawo m'nkhani zitalizitali ndipo owerenga ankazifunafuna okha, koma masiku ano anthu anasamukira pa Facebook, X ndi WhatsApp, pamene uthenga umakhala ndi moyo wa maola ochepa, ndipo pa Facebook ndi X makina ndiwo amasankha amene auone. Ine ndinayesa kwa chaka chathunthu. Vuto lalikulu silinali nthawi yokha, koma kuti nkhani ikafotokozedwa kamodzi imazizira. Tsiku lina ndinalemba mwachidule za mkangano wa anthu awiri umene ndinauona m'basi, umene ndinali nditausungira mutu wachisanu wa buku langa. Anthu anaseka, anayamikira, ena anagawira anzawo, ndipo ine ndinakhala tsiku lonse ndikuyankha. M'mawa mwake nditakhala pansi kuti ndiulembe bwino m'buku, ndinapeza kuti ludzu loufotokoza latha, popeza kuombera m'manja ndinali nditalandira kale. Komanso ambiri mwa amene ankayamikira aja sanagule buku litatuluka. Mukumbukirenso kuti malo amenewa si anu. Google+, tsamba lochezerapo la kampani ya Google, inatsekedwa mu April 2019, ndipo amene sanakopere zolemba zawo nthawi isanathe anazitaya. Magazini ambiri ndi mipikisano yambiri imafuna nkhani zimene sizinatulukepo kwina kulikonse, choncho werengani malamulo awo musanaike ndakatulo kapena nkhani yanu poyera. Ngati mukufunadi kuonekera, kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo muzichita madzulo mutamaliza mawu a tsikulo.

Tsopano ndifike pa chimene simunafunse. Buku langa lachiwiri ndinalilemba kwa miyezi 14, ndipo linafika pa mitu 11, mawu pafupifupi 48,000. Lonse linali m'fayilo imodzi ya mu laputopu, ndipo ndinkadzitonthoza kuti ndili ndi fulashi. Tsiku lina m'mawa nditayatsa laputopu, inangoonetsa mawu oyera pa galasi lakuda, ndipo Windows inakana kutseguka. Ndinapita nayo kwa munthu wina wokonza makompyuta, ndipo cholakwa changa chinali chakuti ndinangomuuza kuti siikuyaka, osatchula kuti m'katimo muli ntchito ya chaka ndi miyezi iwiri. Patapita masiku awiri anandibwezera akumwetulira, laputopu ikuthamanga ngati yatsopano, nati wapukuta zonse n'kuikamo Windows ina. Ndinatsegula chikwatu cha zolemba ali pomwepo, ndipo munalibe kanthu. Nditafika kunyumba ndinalowetsa fulashi manja akunjenjemera, ndipo ndinapezamo mitu 4 yokha, chifukwa ndinali nditatha miyezi yambiri ndisanakoperemo, ndikumangoti ndichita mawa.

Ndinakhala masabata atatu osalemba ngakhale liwu limodzi. Chimene chinandidzutsa ndi kope lakale la chikuto chong'ambika, momwe ndinkalembamo pamanja mayina a anthu a m'nkhani, zaka zawo ndi timawu tina ta zokambirana zawo. Pogwiritsa ntchito kope limenelo ndinalembanso mitu 7 ija kwa miyezi ina 8. Anthu amakonda kunena kuti cholembedwa kachiwiri chimaposa choyamba, koma ine ndikudziwa kuti mutu wachisanu ndi chinayi sunabwererenso mmene unalili, ndipo mpaka lero ndikauwerenga ndimamva kuti pali ndime imene ikusowa. Si ine ndekha amene ndinaseweretsa ntchito yanga chomwechi. Chinua Achebe, mlembi wa ku Nigeria, anatumiza buku lake loyamba, Things Fall Apart, ku kampani ina yotaipa ku London mu 1957, lili lolembedwa pamanja ndipo iye alibe lina lotsala. Panapita miyezi osamva kanthu, mpaka mkulu wake wa kuntchito ku wailesi ya ku Nigeria, amene anapita ku London kutchuthi, anakafika ku kampaniyo n'kuwaumiriza kuti agwire ntchitoyo. Bukulo linatuluka mu 1958, koma likanatayika m'manja mwa anthu aja, panalibe pena poti alipezenso.

Choncho musanalembe mutu wachiwiri, konzani kasungidwe. Buku lanu lizikhala malo atatu, awiri pafupi nanu koma pa zipangizo zosiyana, ndipo amodzi kutali ndi nyumba yanu. Fulashi yokhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu musaiwerengere, chifukwa wakuba kapena mvula zimatenga zonse pamodzi. Google Drive, yosungira mafayilo pa intaneti, imapereka malo a 15 GB kwaulere, pamene buku la mawu okhaokha nthawi zambiri silikwana ngakhale 1 MB, choncho za malo musadandaule. Koma samalani, chifukwa mukalumikiza chikwatu cha mu laputopu ndi Drive, chimene mwafufuta kuno chimafufutikanso uko, ndipo m'bini mwake chimakhalamo masiku 30 okha. N'chifukwa chake ine Lachisanu lililonse ndimadzitumizira fayilo pa imelo, dzina lake lili ndi deti la tsikulo, ndipo sindilemba pamwamba pa fayilo yakale. Mutu ukatha ndimausindikiza pa pepala, zimene zimathandizanso pokonza popeza diso limagwira zolakwika zambiri pa pepala kuposa pa galasi. Ndipo tsiku limene laputopu yanu idzadwale, mawu oyamba kwa wokonza akhale akuti asapukute chilichonse asanachotsemo zolemba zanu. Muwanene kawiri, ngakhale aoneke ngati wakwiya.

Ndaonanso kuti wina wakulonjezani kuti akulumikizani ndi anthu osindikiza amene amatulutsa buku m'masabata awiri. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Wosindikiza weniweni amasankha buku, amalipira mkonzi, wojambula chikuto ndi makina, kenako amakupatsani gawo la ndalama za buku lililonse logulidwa, limene kawirikawiri limakhala cha m'ma 10 peresenti. Amene akuyamba ndi kukupemphani ndalama akukugulitsani ntchito yosindikiza chabe. Kumeneko si kulakwa ngati mukudziwa chimene mukugula, koma mabukuwo mudzagulitsa nokha, ndipo ndikudziwa anthu amene makatoni awo akadali kunsi kwa bedi. Mgwirizano uliwonse muuwerenge muli nokha kunyumba, osati pamaso pa amene akukupatsani cholembera, ndipo muyang'anitsitse ndime yonena za umwini wa bukulo, zaka zimene adzalisunge, ndi chimene chidzachitike akadzaleka kulisindikiza. Ndime imeneyo ikasowa, afunseni aionjezere musanasaine.