Malume, ya 60x ija musagule

Malume, moni. Ndamva funso lanu, loti telesikopu yoika pamalo pomwe anthu aziimapo n'kumaona kutali masana, mutenge ya 60x, yokuza zinthu ka 60, kapena yocheperapo. Ya 60x ayi. Tengani yokuza ka 20, mukakweza ndiye 25 basi, ndipo lenzi yakutsogolo ikhale ya mamilimita 80.

Vuto lalikulu masana ndi mpweya. Nthaka ikatentha mpweya wotentha umakwera, ndiye chilichonse chakutali chimaoneka ngati chikuvinavina. Telesikopu sisankha, imakuza phirilo pamodzi ndi kuvinako. Mukapitirira 30x dzuwa lili paliwombo, chithunzi chimangokula koma palibe chatsopano chomwe mungaonemo. Kugwedera nakonso kumakula chimodzimodzi. Munthu akangotsamira pang'ono, pa 60x zonse zimathawa.

Komanso malo omwe mumaona amachepa. Ndi kagalasi koikapo diso komwe chithunzi chake chimaoneka chotambasuka madigiri 60, pa 20x mumaona dera la mamita pafupifupi 52 mulifupi pa mtunda wa kilomita imodzi. Pa 60x amatsala 17 okha. Munthu amene sanagwirepo telesikopu amasakasaka osapeza kanthu, n'kuchokapo ali wokhumudwa, kumbuyo kwake mzere ukudikira.

Tsopano pali kamasamu kena, ndipo apa ndikufuna mumvetse bwino. Gawani 80 ndi 20, mupeza 4. Amenewo ndi mamilimita a kadontho ka kuwala kotulukira pomwe diso limakhala. Masana kamwana ka diso kamachepa, kamakhala mamilimita 2 kapena 3. Ndiye kadontho ka 4 kamasiya mpata, mwana ngakhale aike diso mopendekera amaonabe. Pa 60x kadonthoko ndi 1.3, chithunzi chimada, ndipo diso likasuntha pang'ono mdima wokhawokha. Pabokosi muyang'anenso pomwe alemba eye relief, kutanthauza mtunda womwe diso lingatalikire kugalasi n'kumaonabe zonse, ikhale mamilimita 18 mpaka 20. Ikachepa, ovala magalasi amangoona kabowo kakang'ono, enanso amakhudzitsa zikope pagalasi n'kulidetsa.

Mtundu wake, tengani ya malenzi, ya refractor, yokhala ndi prizimu mkati yoimika chithunzi. Ambiri mwa matelesikopu oonera nyenyezi amaonetsa zinthu chadodolido, kumwamba zilibe kanthu, koma mtengo wozondoka anthu sangaulandire. Zogwiritsa ntchito kalilole m'malo mwa lenzi zija zambiri n'zotsegula kukamwa, zimalowa fumbi, zimafuna kuwongoledwa pafupipafupi, ndipo masana kakalilole kapakati kamatha kuoneka ngati banga lakuda. Yanuyo ikhale yomata bwino, yothiridwa nayitrojeni mkati. Ikapanda kutero chinyezi chimalowa, m'mawa galasi limachita nthunzi mkati momwe simungapukute, pakapita nthawi limamera chuku.

Ya zoom, yomwe munthu amapotokola kuti asinthe kukuza kwake, musatenge. Aliyense azipotokola mpaka kumapeto, tabwereranso ku vuto la 60x lija, ndipo chilichonse chozungulira ndicho chimayamba kuthyoka. Kofokasira kokha kakhalepo, poti maso a anthu amasiyana, koma kakhale kolimba, kosazuka. Kagalasi ka diso mukamange ndi sikuluwu. Ya maso awiri imakoma kuyang'anamo, eya, koma mpata wa pakati pa maso umasiyana, kwa akuluakulu ndi mamilimita cha m'ma 55 mpaka 75, kwa ana n'kocheperapo, ndipo ikagundidwa mbali ziwirizo zimasemphana, munthu n'kumaona ziwiriziwiri. Ya diso limodzi ilibe zonsezo.

Ndalama zomwe mwapulumutsa zipite pa choimikapo. Mzati wachitsulo wonenepa, womangidwa ndi mabawuti pa konkire, osati pa thabwa lomwe anthu akupondapo. Muikenso kopondera ka ana.

Ndiye dzuwa, Malume, ili lokha musanyengerere. Kuyang'ana dzuwa mu lenzi ya mamilimita 80 kumawotcha diso nthawi yomweyo, ndipo silichira. Chikwangwani sichikwanira, mwana sawerenga. Muike zitsulo zoimitsa kuti telesikopuyo isaweramukire m'mwamba. Koma kumbukirani kuti m'mawa ndi madzulo dzuwa limatsika, ndiye muchepetsenso kuzungulira kwake kuti isaloze kotulukira kapena kolowera dzuwa. Malowo amasuntha ndi nyengo, choncho musayese tsiku limodzi lokha, muone komwe limafika mu June ndi mu December, zitsulozo mumange motengera malire amenewo.