Funsani Malume: Chinakweza mabwana pa phiri la Westcliff n'chiyani?

FUNSO: Malume, ndili ku Joni kuno, ndimasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ku Westcliff. Mipanda yake ndi ya miyala, misewu yokhotakhota, ndipo usiku timamva mikango ikubangula chakumunsi. Dera limeneli linayamba bwanji, nanga anthu olemera anakonderanji pamalo amiyala chonchi? Ndine wowerenga wanu wochokera ku Mangochi.

YANKHO: Zikomo bambo. Chinawakweza pamtundapo ndi fumbi. Golide atapezeka mu 1886, migodi inandandalikana kumwera kwa tauni. Mphepo ikawomba, dothi la m'migodi linkalowa mpaka m'mbale, ndipo makina ophwanya miyala ankagunda usana ndi usiku. Eni migodi ndalama ankazifuna ndithu, koma fumbilo ayi. Choncho anakwera mtandadza wa mapiri wa kumpoto, n'kumanga nyumba zofulatira migodi, makhonde akuyang'ana ku mapiri a Magaliesberg.

Kunayamba kumangidwa ndi ku Parktown, koyandikana nanuko, m'zaka za m'ma 1890. Lionel Phillips ndi mkazi wake Florence anamanga chinyumba chotchedwa Hohenheim, anzawo n'kutsatira, mpaka nyumba zinafalikira ku Westcliff. Mipanda mukuionayo ili ndi mwini luso lake. Katswiri wojambula mapulani a nyumba, Herbert Baker, ankakonda kumangira miyala yokumbidwa pomwepo. Nyumba yake, Stonehouse, anaimanga mu 1902, kenako Northwards mu 1904. Ndiye yemweyo anajambula Union Buildings ya ku Pretoria. Ineyo nyumba zakezo ndimazikonda chifukwa zimaoneka ngati zinachita kumera m'thanthwe.

Poti ndinu munthu wa zomera, ndikhalitse pa mitengo. Kale malo onsewo anali tchire la udzu, mitengo inali patalipatali. Nkhalango mukuiona kumunsiko inachita kudzalidwa. Kampani ya Hermann Eckstein inadzala mitengo yambirimbiri pamalo otchedwa Sachsenwald, komwe lero ndi Saxonwold, kuti ipeze mizati yochirikizira migodi. Mbali ina ya malowo inaperekedwa ku mzinda, ndiye pomwe pali Zoo Lake ndi malo osungira nyama a Johannesburg Zoo, amene anatsegulidwa mu 1904. Mikango yanu ija ili mmenemo. Jakaranda amene amakongoletsa misewu ndi maluwa ake mu Okutobala nayenso ndi mlendo, kwawo ndi ku South America.

Chimene chimandikhudza mtima ndi ichi, bambo. Chuma chomwe chinaimika nyumbazo chinakumbidwa ndi manja a anthu akuda, ndipo pakati pawo panali agogo athu a ku Nyasaland amene ankapita pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya m'migodi. Kamuzu anaimitsa ulendowu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha amuna athu oposa 70 akubwerera kumudzi. Pa nthawi ya tsankho, munthu wakuda ankagona ku Westcliff pokhapokha ngati ndi wantchito, m'kachipinda ka kuseri, pasi ili m'thumba. Musamadzione ngati mlendo wa dzulo pa phiri limenelo. Anthu a kwathu thukuta lawo lilipo kuyambira kale.

Parktown inavulala kwambiri pambuyo pake. Msewu waukulu wa M1 unaidula pakati, nyumba zambiri zinagwetsedwa, ndipo pomwe panali Hohenheim lero pali chipatala chachikulu cha Charlotte Maxeke. Westcliff inapulumukako, n'chifukwa chake kudakali zii mpaka pano ngakhale tauni ili pafupi.

Tsiku lomwe muli pa ofu, kakwereni masitepe a miyala a Westcliff Steps, omwe ndi opitirira 200, ndipo anthu amathamangapo m'mamawa. Bungwe la Johannesburg Heritage Foundation limayendetsanso anthu m'misewu imeneyi n'kumawafotokozera mbiri ya nyumba iliyonse. Kumakhala kolipira, choncho yambani mwafunsa mtengo musanalembetse.