Kwa eni ku Dublin: yankho kwa mng'ono wanga wa ku Kamwendo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Kamwendo ku Mchinji. Dzina sinditchula poti sanandipatse chilolezo. Anamaliza digiri yake ku Bunda, wapeza sikolashipu yokachita Masters ku Dublin m'dziko la Ireland, ndipo anyamuka kumapeto kwa Ogasiti. Malo m'mahositelo a payunivesite sanapezeke, ndiye amupezera chipinda m'nyumba ya banja lina: mayi, bambo ndi mwana wawo mmodzi wa kusekondale. Imeloyo inali yaitali, koma fupa lake ndi ili: "Asisi, inu munakhalako kumeneko. Ndikakhale bwanji pakhomo pa azungu osawadziwa, uku makalasi akuyamba nthawi yomweyo? Amayi akuti ndikakhale ngati mwana wa pakhomopo, ndizikalawirira kusesa ndi kukolopa. Ndi zoona?" Pansi anasaina kuti "mng'ono wanu", choncho undilole ndizikutchula kuti iwe.

Amayi ako sakunama, akunena mwambo umene unatilera tonse. Nane pochoka kuno ku Kasungu agogo a ku Santhe anandikhazika pamphasa n'kundiuza zomwezo, kuti mwana wamanja lende sakondedwa kwa eni. Ndinawamvera. Loweruka loyamba ndinadzuka 5 koloko m'mawa, ndinatsika masitepe monyang'ama, ndinapeza tsache kuseri kwa chitseko n'kuyamba kusesa kukhitchini. Posakhalitsa ndinangomva phazi. Mayi a panyumbapo atulukira atagwira foni m'manja, nkhope ili gwa, akuganiza kuti mwalowa wakuba. Tinaseka, inde. Koma patapita miyezi iwiri ndi pamene anandiululira kuti tsiku lija anadandaula mpaka madzulo, poganiza kuti ndaona nyumba yawo ngati yauve. Ulemu wanga unawafika ngati chipongwe.

Uyambe wamvetsa chimene makonzedwe amenewa ali. Kumeneko amawatcha digs. Ku Dublin nyumba ndi zosowa komanso zodula kwambiri, ndiye boma limalimbikitsa anthu okhala ndi chipinda chopanda munthu kuti achititse lendi, ndipo ndalama imene apeza mpaka mayuro 14,000 pachaka siidulidwa msonkho. Mabanja ambiri amalandira ophunzira chifukwa cha zimenezi: kuti alipire ngongole ya nyumba, kapena poti ana awo anakula n'kuchoka. Izi sizitanthauza kuti ndi ouma mtima. Amene ndinkakhala nawo ine anali anthu abwino zedi. Koma si kwa azakhali ako ku Area 25, kumene umadya n'kubweza ndi thukuta. Mlendo sukhala, paja mlendo ndi mame, pamene iwe ukhala chaka chathunthu. Mwana wa pakhomo sukhalanso, chifukwa ukulipira. Ndipo chodabwitsa, ngakhale tenanti weniweni sukhala: munthu wokhala nyumba imodzi ndi mwini wake satetezedwa ndi malamulo a lendi mmene amatetezedwera wobwereka nyumba yakeyake, ndipo bungwe la Residential Tenancies Board lomwe limaweruza milandu ya malandilodi kawirikawiri sililowerera nkhani zotere. Chimene chingakuteteze ndi zimene mwagwirizana n'kulemba.

Ndiye usanakwere ndege pa Lumbadzi, alembere imelo. Usachite manyazi, kwa iwo mafunso otere ndi chizindikiro cha munthu wadongosolo. Funsa ngati chipindacho ndi cha masiku asanu ndi awiri pasabata, chifukwa ma digs ambiri ndi a Lolemba mpaka Lachisanu basi, poti ana a ku Ireland amabwerera kwawo kumapeto a sabata. Iwe Lachisanu ukwera basi iti yopita ku Kamwendo? Funsa ngati chakudya chili momwemo mu lendi, ndipo ngati chilimo ndi cha nthawi iti. Funsa ngati ungaphike wekha, ngati makina ochapira ungagwiritse ntchito tsiku lililonse kapena lina lake, ngati mnzako angabwere kudzacheza, ngati pa Khirisimasi chipinda chako sachifunira mwana wawo wochokera ku London, komanso ngati wina akufuna kuthetsa mgwirizano azidziwitsa mnzake kutatsala masabata angati. Mayankhowo uwasunge.

Ntchito zapakhomo zako ndi izi: chipinda chako, mbale zimene wadyera, bafa ukamaliza kusamba. Kupitirira apo, funsa kaye. Ukanena kuti "ndingakuthandizeni kusenda mbatatayo?" amasangalala. Ukangotenga mpeni mwakachetechete ngati kwanu, amadabwa. Pajatu mbatata ya kachewere, imene pamsika wa Kamwendo timangoiti Irish, ukaidya mpaka kuilota: yophika, yokanya, yowotcha, nthawi zina mitundu iwiri m'mbale imodzi.

Za dzina. Mayi aja anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti ndiziwatchula dzina lawo loyamba, lopanda "a", lopanda "mayi". Munthu wamsinkhu wa amayi anga! Lilime linakana. Ndinatha masabata atatu osawatchula chilichonse, ndikafuna kulankhula nawo ndinkangotsokomola pang'ono mpaka atembenuke. Mapeto ake anandigulira mankhwala a chifuwa. Usavutike choncho. Tchula dzinalo, mphezi siikuwomba. Ulemu wawo uli pena: kunena zikomo pa kanthu kalikonse ngakhale kwa dalaivala wa basi potsika, kutumiza uthenga ukaona kuti uchedwa kapena sudya nawo madzulo, kusalankhula mokweza pafoni usiku. Ichi chomalizachi chisamale, chifukwa makoma a nyumba zawo zambiri samabisa mawu, ndipo ife pa WhatsApp timakuwa ngati tikuitana munthu ali kudimba.

Pali kanthu kena kamene kakhoza kudanitsa anthu m'nyumba za ku Ireland, dzina lake immersion. Ndi switchi yotenthetsera madzi osamba, ndipo imadya magetsi koopsa. Ine ndinaisiya yoyaka tsiku lathunthu, kawiri. Sanandikalipire. Bambo a panyumbapo anangoyamba kukamba patebulo za kukwera mtengo kwa magetsi, akuyang'ana pawindo. Apa mpamene ndinazindikira kuti anthu awa ndi abale athu: salasa pachilonda, amazungulira ngati nkhoswe pa mlandu wa banja. Akati "it's grand", nthawi zina zili bwinodi, nthawi zina ayi. Ngakhale tiyi amayamba akana, n'kudikira uwakakamize kachiwiri, ngati ife ndi nsima ya kwa eni. Ndiye Mchewa wozungulira akakumana ndi mzungu wozungulira, nkhani ikhoza kutha chaka isanafike pabwalo. Wina ayenera kuyamba kufunsa mwachindunji, ndipo wina ameneyo ndi iwe, poti ndiwe wosadziwa malamulo a nyumbayo. Tsiku loyamba lomwe uwapemphe akuonetse mmene shawa imayatsidwira, nthawi imene hita ya m'nyumba imayaka, ndiponso bini iti ndi ya zinyalala ziti, chifukwa amazipatula. Safunsa anadya phula.

Tsopano za kalasi, zomwe ndi zimene ukupitira.

Sabata yoyamba imakhala yolandira ophunzira atsopano, ndipo usaiphonye poganiza kuti ndi zamasewera. M'menemo ndi mmene ukatenge khadi ya sukulu, kuphunzira kubwereka mabuku, kupeza Leap Card ya ophunzira yolipirira basi ndi Luas (sitima zoyenda m'misewu ya mu Dublin) pamtengo wotsika, komanso kulowa patsamba la intaneti pamene aphunzitsi amaika zonse. Ku University College Dublin limatchedwa Brightspace, ku University College Cork amagwiritsa Canvas, kwina Moodle. Chikaikidwa pamenepo ndiye kuti wauzidwa, palibe kalasi repu wodzakukumbutsa. Uyambenso msanga kusungitsa tsiku lokalembetsa ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka ku Burgh Quay. Uyenera kutero asanathe masiku 90, khadi yake ya IRP, yomwe ndi chiphaso chokulola kukhala m'dzikomo, ndi mayuro 300, ndipo pa Seputembala ophunzira ofuna zomwezo amakhala ngati nyerere. Ufunse ngati sikolashipu yako ikubwezera ndalamayo.

Ukaona taimutebulo udzaseka. Mwina maola khumi kapena khumi ndi awiri pasabata, masiku ena opanda kalasi n'komwe. Msampha uli pomwepo. Masters ya chaka chimodzi nthawi zambiri imakhala ya makirediti 90, ndipo kirediti imodzi amaiwerengera ngati maola 20 mpaka 25 a ntchito. Ndiye phunziro la makirediti 10 ndi maola osachepera 200. Ngati m'kalasi mukumana maola awiri pasabata kwa masabata 12, amenewo ndi maola 24 okha. Otsalawo ndi ako, pawekha, ndi mulu wa zowerenga. Masabata khumi ndi awiri sachedwa. Ukati uyambe wazolowera kaye nyengo, udzangoona Novembala wafika ndi maasaimenti anayi m'sabata imodzi.

Ambirife tinakula tikukopera notsi, kuziloweza n'kuzibweza pamayeso, ndipo tinkakhoza bwino. Kumeneko mphunzitsi amafika atayembekezera kuti mwawerenga kale, n'kufunsa kuti mukuganizapo zotani. Ine mwezi woyamba ndinkangokhala chete kumbuyo, ndikudikira kuti akuluakulu alankhule. Anzanga a ku Ireland, ena osawerenga n'komwe, ankangoyankhula molimba mtima, mpaka kutsutsa pulofesa pamaso. Ndinkaona ngati mwano. Tsiku lina nkhani inali ya alimi ang'onoang'ono ndi feteleza wotsika mtengo, ndipo zimene zinkanenedwa zinandipweteka m'makutu. Ndinakweza mkono, mawu akunjenjemera, n'kufotokoza mmene makuponi amafikira pamudzi, mmene banja limagawirana thumba limodzi ndi abale atatu, komanso zimene anthu a kwathu amakumbukira za njala ya 2002. Kalasi inati zii, kenako mafunso anagwa ngati mvula. Iwe ndi wa ku Mchinji, kumene mtedza, soya ndi fodya si nkhani za m'buku. Chimenecho m'kalasimo palibe wina ali nacho, ndiye usachisungire m'kamwa. Chingerezi chawo ndi chothamanga ndipo poyamba chidzakudutsa, koma pakatha masabata angapo khutu limatseguka. Ukapanda kumva, pempha abwereze.

Malikisi asakugwetse mphwayi. 70 kumeneko ndi pamwamba penipeni, ndipo 62 ndi ntchito yabwino. Ine nditaona 58 yanga yoyamba ndinalira m'basi, osadziwa kuti sindinali kutali ndi anzanga. Chimene ungaope ndi kutenga mawu a wina osamutchula. Zolemba zimadutsa m'makina ofufuza ngati Turnitin, ndipo mlandu umenewu ukhoza kukuchotsetsa sukulu. Laibulale imaphunzitsa ulere katchulidwe ka mabuku, upiteko mwezi woyamba.

Chimene palibe anandichenjeza ndi mdima. Kuzizira ndinakukonzekera, ndimati Juni wa ku Kasungu ndimamudziwa. Koma kumapeto kwa Okutobala amabweza mawotchi ola limodzi, ndipo pofika Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:30 n'kulowa itangokwana 4 koloko madzulo, likatulukanso n'komwe. Umapita kusukulu kuli mdima, kubwerera kuli mdima, mvula yowaza ili pamutu. Nthawi yomweyo pa WhatsApp akukutumizira zithunzi za chimanga chitamera ndi mango a kunyumba. Apa mpamene chipinda chimayamba kukoma molakwika: umatseka chitseko, kudya wekha, kugona ndi foni. Usatero. Tsika ukakhale nawo pabalaza ngakhale akuonera masewero a hurling amene sukuwamva. Ubwino waukulu wa digs kuposa hositelo ndi umenewu, kuti pali munthu amene adzazindikira ukapanda kutsika. Azaumoyo kumeneko amalangizanso anthu akhungu lakuda kumwa vitamin D chaka chonse, ndipo yunivesite ili ndi aphungu olankhula nawo ulere mtima ukalemera.

Za ganyu ndinena mwachidule. Chilolezo cha ophunzira, Stamp 2, chimalola maola 20 pasabata nthawi ya sukulu, ndi maola 40 kuyambira Juni mpaka Seputembala komanso kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Januwale. Uwerenge kaye zimene sikolashipu yako ikunena pa nkhaniyi. Ndipo abale uwauziretu usananyamuke kuti mayuro amaoneka ambiri ukawasintha m'makwacha, koma amagulira zinthu ku Dublin. Mafoni a feteleza adzayamba Okutobala, nthawi yomwe iwe ukufunika jekete ndi nsapato zosalowa madzi. Ugwirizane ndi amayi ako okha za kangachepe kamene ungakwanitse, ena onse azikafunsa kwa iwo.

Mphatso usapite chimanjamanja, koma isakhale yolemera: chitenje chabwino, khofi wa ku Mzuzu kapena tiyi wa ku Thyolo, kabotolo ka Nali ngati uli wolimba mtima. Nyama ndi zamkaka zochokera kunja kwa European Union n'zoletsedwa, usanyamule. Mapulagi a magetsi ndi ofanana ndi athu, magalimoto amayendanso kumanzere. Ufa woyera umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa, makamaka cha ku Moore Street. Ukakhazikika, upemphe tsiku limodzi uwaphikire nsima ndi nkhuku ndi masamba otendera, uwaphunzitse kutema ndi manja. Usipa wokha uyambe wapempha, utsegule mawindo, chifukwa wanga unaliza alamu ya utsi ndipo fungo linakhala m'makatani masiku atatu. Mthiko nyamula wa kwanu. Timasupuni tawo tamtengo n'topyapyala, ine ndinathyola tiwiri nsima isanalimbe n'komwe.